Kuda kwa mphika wachitsulo si litsiro

Pa kosi yophika yomwe ndikuchita kuno ku Harare tafika pa mutu wa ziwiya, ndipo chomwe chandigwira mtima ndi mphika wachitsulo wa miyendo itatu, uja anzathu a Chishona amati bhodho. Ife a ku Mbare ndi ku Highfield timauona pamaliro, azimayi a sosaite akamatakasa nsima ya khamu. Kunyumba ambiri tinauponya kuseri, ati ngolemera, ati umachita dzimbiri.

Chitsulo chake amachita kusungunula n'kuthira m'chikombole. Chimakhala ndi kaboni wa pakati pa 2 ndi 4 peresenti, n'chifukwa chake sichipindika koma chimasweka. Ukagwa pasimenti, kapena mukauthira madzi ozizira uli psuu, umang'aluka basi. Njira youumbira m'zikombole za mchenga anailembetsa Abraham Darby ku England mu 1707, ndipo miphikayi inatsika mtengo.

Tinakula tikuuzidwa kuti mkazi waukhondo amakwecha poto ndi mchenga kapena phulusa mpaka kuwala mbee. Pa poto wa aluminiyamu n'zoona. Pa mphika uwu ndi kuwononga. Kuda kosalala kwa m'kati kuja ndi mafuta omwe anapsa n'kuuma n'kumatirira pachitsulo. Ndi komwe kumatchinga madzi kuti dzimbiri lisalowe, komanso kuletsa dzira kukakamira. Mukakwecha, mwauvula chovala.

Azakhali anga anandionetsa ndi manja zomwe aphunzitsi anangolemba pabolodi. Ananyika kansalu m'mafuta ophikira, n'kupaka paliponse, ngakhale miyendo ndi chivundikiro, kenako n'kutenga nsalu ina youma.

"Pukuta mwanangu, ngati wapaka mwangozi. Mafuta akachuluka umanata."

"Ndiye atsala chiyani, azakhali?"

"Omwe sukuwaonawo ndi amene akufunika."

Anauika pamakala mpaka utsi unafuka n'kutha, anausiya kuti uzizire wokha, n'kubwerezanso. Mtundu unasintha ndikuona, kuchoka pa kutuwa kufika pa kuda kwa bii. Tsiku ndi tsiku ntchito ndi yochepa: tsukani ndi madzi ofunda, kasopo pang'ono sikalakwa, umitsani pamoto, pakani timafuta. Nkhoko zikakakamira, thiranimo madzi muwiritse, zimachoka zokha. Chosayenera n'kuugoneka ndi madzi kapena ndi ndiwo za matimati, chifukwa kuwawasa kumadya utoto uja.

Chitsulo pang'ono chimalowa m'chakudya, makamaka chowawasa, ndipo thupi limachifuna popanga magazi. Kafukufuku wa kumidzi ya ku Malawi, yemwe anasindikizidwa mu 2003, anapeza kuti akuluakulu omwe ankaphikiramo mosadumphitsa magazi awo anawonjezekera. Koma mabanja ambiri sanaikonde miphikayo, ndipo dzimbiri linali limodzi mwa madandaulo awo. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa dzimbiri limagonja ndi supuni imodzi ya mafuta, bola wina akuphunzitseni.

Masiku ano magetsi akangothima timabwerera ku nkhuni ndi makala, ndipo apa mphikawu ulibe mnzake. Umachedwa kutentha koma ukagwira moto sutaya, nyemba zimapsa ndi makala ochepa.

Mukapita kokagula ku msika wa Siyaso ku Mbare tengani kamaginito m'thumba. Miphika yambiri ya miyendo itatu imene imagulitsidwa m'misika ndi ya aluminiyamu wosungunula. Maginito akakana kumata, si wachitsulo umenewo.