Zovala zachitchaina pa perete wa ophunzira akale a ku Princeton

Pa zonse zimene ndawerenga za mbiri ya mayunivesite a ku America, yandiganizitsa kwambiri ndi nkhani ya perete wa ophunzira akale a yunivesite ya Princeton, ku New Jersey, amene eni ake amamutcha P-rade. Mwambowu unaphukira pa masewera a baseball, chifukwa Loweruka loyandikira mwambo wopereka madigiri timu ya Princeton inkalimbana ndi ya yunivesite ya Yale, ndipo ophunzira akale ankaguba kupita kubwalo m'magulu, potengera chaka chimene anamaliza maphunziro. Pereteyu anakhazikitsidwa mwadongosolo mu 1906.

Gulu lililonse linkasoketsa zovala zakezake kuti lioneke kuposa anzake, ndiponso kuti a Yale, eni mtundu wa buluu, aone kuti bwalo ladzaza ndi olenji ndi wakuda wa Princeton. Ena ankavala ngati amalinyero, ena ngati Matchaina, atavala mikanjo yamanja aakulu ndi zipewa zosongoka. Kwa amunawa dziko la China linali chovala chosekera tsiku limodzi, chovulidwa madzulo masewera akatha.

Chimene chikundivuta n'chakuti anthu amenewa sanali mbuli pa za China. Yung Wing, Mtchaina woyamba kulandira digiri pa yunivesite ya ku America, anamaliza ku Yale komweko mu 1854. Robert Gailey, yemwe anali katswiri wa mpira wa American football ku Princeton, anapita ku China mu 1898 kukagwira ntchito ya YMCA, bungwe lachikhristu la achinyamata, mothandizidwa ndi ophunzira anzake, ndipo mu 1901 a Yale anayambitsa bungwe lawo limene pambuyo pake linamanga sukulu ndi chipatala ku Changsha. Ngakhale pa ntchito zachifundozi, sukulu ziwirizi zinkaoneka kuti zikuyang'anana ndi diso la mpikisano.

M'zaka zomwezo lamulo la Chinese Exclusion Act la 1882 linkaletsa Matchaina ofuna ntchito kulowa m'dzikolo, ndipo linachotsedwa mu 1943 basi. Choncho loya wa ku New York ankatha kuguba atavala ngati Mtchaina, anthu n'kumamuombera m'manja, pamene mwini chovalacho ankabwezedwa padoko la San Francisco, kapena, kuyambira mu 1910, ankasungidwa pachilumba cha Angel Island kwa masabata kapena miyezi akufunsidwa mafunso.