Nazale yathu ya maluwa ndi luso lojambula duwa pafupi

Bizinesi yathu ndi nazale ya maluwa ku Zomba. Timagulitsa mbande za rozi, hibiscus ndi bougainvillea, ndipo makasitomala ambiri amayamba aona chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook asanabwere. N'chifukwa chake kujambula kunalowa m'ntchito za tsiku ndi tsiku, limodzi ndi kuthirira ndi kutengulira. Lero timajambuliranso eni nazale ena komanso amayi okonza maluwa a ukwati. Ongoyamba kumene amathamangira kufunsa za mtundu wa kamera, koma chithunzi cha duwa chimaonongeka ndi zinthu ziwiri, dzuwa ndi kugwedezeka.

Timajambula m'mamawa isanakwane 8 koloko, mphepo isanadzuke. Dzuwa la masana limawalitsa duwa mbali imodzi n'kudetsa ina, ndipo timizere ta pa duwa timafufutika. Masiku a chiperoni, amene anthu amadandaula nawo, kwa ife ndi abwino zedi, chifukwa mitambo imafewetsa kuwala ndipo mtundu wa duwa umatuluka weniweni. Kukakhala dzuwa, wina agwire nsalu yoyera yopyapyala pamwamba pa duwalo, ndipo mbali ya mthunzi muikeko katoni yomata pepala loyera kuti ibweze kuwala. Flash ya foni izimitsidwe.

Mukayandikira kwambiri, malo ooneka bwino amachepa mpaka mamilimita ochepa chabe. Ndiye muyenera kusankha: pa hibiscus lunjikitsani kamera (focus) pamene pali mungu, pa rozi lozani m'mphepete mwa kasamba kapakati ka duwalo. Pa kamera yosintha malenzi timaika kabowo kolowera kuwala (aperture) pa f/8 kapena f/11; nambala ikakula, kabowoko kamachepa. Pa f/2.8 kachigawo kochepa kokha ndi komwe kamaoneka, kwinako kumangoti mbuu, pomwe kupitirira f/16 chithunzi chonse chimayamba kufooka. Shutter, kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera, isachedwe kutseka kuposa 1/250 ya sekondi ngati kamera ili m'manja, ndipo kuwala kukachepa kwezani ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, kufika 400 kapena 800 osaopa. Amene alibe ndalama ya lenzi ya macro, yojambulira tinthu pafupi kwambiri, agule ma extension tube, timphete tolowa pakati pa kamera ndi lenzi. Ndi totchipa, kungoti timadya kuwala pang'ono.

Foni nayo imagwira ntchito. Kamera yaikulu ya mafoni ambiri imalephera kuona bwino chinthu chimene chili pafupi kuposa masentimita 10, choncho bwererani m'mbuyo pang'ono, dinani pa duwa kuti foni ilunjike pamenepo, ndipo chithunzicho mudzachidule pambuyo pake. Pukutani lenzi kaye, pakuti zala za munthu wa kunazale sizisowa dothi ndi mafuta.

Mphepo ndiye mdani wamkulu, makamaka miyezi ya June ndi July. Timazika kansungwi pafupi ndi duwa n'kumangirira tsinde ndi kaulusi m'munsi, pamene kamera sikuonapo. Ngati mbande ili m'chubu, ingoinyamulani mukaiike pakhonde. Tsamiritsani zigongono pa mawondo ndipo jambulani zithunzi zisanu kapena kuposerapo motsatizana, chimodzi chimatuluka chakuthwa.

Kumbuyo kwa duwa kuonedwenso. Khasu, ndowa kapena machubu akuda amakopa maso, ndiye achotseni, ndipo masamba akumbuyo atalikire pafupifupi mita imodzi kuti asungunuke bwino.

Nkhani ya mtundu timaitenga mozama chifukwa imakhudza chilungamo pa malonda. Rozi yofiira imapsa pa chithunzi n'kusanduka chibanthu chofiira chopanda mizere, choncho chepetsani exposure, kuwala kwa chithunzi chonse, kufika pa -0.7. Duwa loyera kamera imalidetsa, ndiye onjezerani +0.7. Maluwa apepo, monga a jacaranda amene amamasula mu September ndi October, nthawi zambiri amatuluka abuluu. Jambulani kapepala koyera pambali pake kuti mukonzere white balance, imene imathandiza kuti mitundu ituluke yeniyeni. Musakoleze mitundu pokonza chithunzi, chifukwa kasitomala akalandira duwa losiyana ndi lomwe anaona sabweranso.

Potumiza kwa osindikiza makadi kapena makalendala, tumizani chithunzi ngati document pa WhatsApp. Mukatumiza mwa nthawi zonse, pulogalamuyi imachifinya ndipo timizere tonse munavutikira tija timatayika.