Prefix ndi chidule chabe, dzina lenileni ndi URI yonse

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Za ma triple (ziganizo za magawo atatu: chinthu, ubale, ndi chinthu china) sindikambapo, inu amene tikuphunzira limodzi RDF, njira yolembera uthenga kuti kompyuta izizindikira ubale wa zinthu, mukuzidziwa kale. Chimene chimandizunguza mutu chinali ichi: mafayilo awiri a FOAF (mawu a RDF ofotokozera anthu ndi maubale awo), olembedwa ndi anthu osadziwana, osungidwa pa maseva osiyana, kompyuta imadziwa bwanji kuti onsewo akunena za munthu mmodzi?

Prefix ndi kachidule ngati foaf: kamene timalemba m'malo mwa chiyambi cha URI, dzina lonse la chinthu looneka ngati adiresi ya pa intaneti. Kompyuta siisunga prefix ayi. Mukalemba foaf:knows (kutanthauza kuti amadziwana), pulogalamu yowerenga fayilo imayang'ana pamwamba pomwe munalemba @prefix, imatenga http://xmlns.com/foaf/0.1/ n'kulumikiza knows kumapeto kwake, basi. Prefix ija ntchito yake yathera pomwepo. Ine ndikhoza kulemba mnzanga: m'malo mwa foaf: m'fayilo yanga, inu n'kulemba f: mu yanu, ndipo ngati zonse zikuloza ku namespace imodzi (chiyambi cha URI chija), tanena chinthu chimodzi. Zili ngati m'foni: ine ndinasunga kuti Amalume, inu munasunga kuti Abwana, koma tikaimba imalira ndi foni imodzi poti nambala ndi yomweyo. Komanso tonse tikhoza kulemba ex:ine, zooneka zofanana ndithu, koma ngati ex: wanga akuloza kwina ndipo wanu kwina, amenewo ndi anthu awiri.

Ndiye mafayilo amalumikizana pokhapokha URI yonse ikafanana chilembo ndi chilembo. http ndi https ndi mayina awiri osiyana, ngakhale mutatsegula onse n'kufika patsamba limodzi. Pa Wikidata, nkhokwe ya uthenga yogwirizana ndi Wikipedia, wd: imaimira http://www.wikidata.org/entity/, choncho wd:Q80 ndi Tim Berners-Lee, amene anayambitsa World Wide Web, wd:Q1020 ndi Malawi. Koma mukakopera zimene zikuoneka pamwamba pa browser, mutenga https://www.wikidata.org/wiki/Q80, lomwe ndi dzina la tsamba lokamba za munthuyo, osati la munthuyo. Mukalemba kuti mumadziwana ndi limeneli, mwauza dziko lonse kuti mnzanu ndi tsamba la pa intaneti.

Apa m'pamene kachizindikiro ka # kanayamba kumveka kwa ine. URI ya Berners-Lee mwiniwake imathera ndi card#i. Mbali ya card ndi fayilo, imene ili ndi tsiku limene inalembedwa komanso kukula kwake. Card#i ndi munthu, amene ali ndi dzina ndi anzake. Kompyuta ikafuna kudziwa za munthuyo imadula # ndi zotsatira zake, imatenga fayilo, n'kufufuzamo zonse zonenedwa za card#i. Mmenemo ipezamo ma URI a anthu ena, iwatsatenso, n'kumapitirira. Izi ndiye zimene Berners-Lee analemba mu 2006 pa malamulo anayi a Linked Data, njira yolumikizira uthenga pa intaneti. Nanga dzina la munthu lolembedwa pa foaf:name? Limenelo ndi lemba chabe, silumikiza kanthu. Tangoganizani kuchuluka kwa a Banda ndi a Phiri kuno kwathu, kompyuta ikanati iziwaphatikiza potengera dzina.

FOAF yomweyo, imene Dan Brickley ndi Libby Miller anaiyamba mu 2000, poyamba inkayenda njira ina. Munthu nthawi zambiri sankapatsidwa URI, ankakhala blank node (chinthu chopanda dzina lakelake mu RDF), n'kumazindikiridwa ndi imelo yake kudzera mu foaf:mbox, kapena foaf:mbox_sha1sum pofuna kuti imeloyo isaonekere poyera. Awiri akapezeka ndi mbox imodzi, pulogalamu inkati ndi munthu mmodzi. N'chifukwa chake zitsanzo zakale zimaoneka zachilendo mukaziika pambali pa za masiku ano.

Chimene chinanditsegula maso ndi N-Triples, imodzi mwa njira zolembera RDF, ndipo muneneretu kuti ndikukokomeza, ine sindisintha: munthu aliyense ayambire pamenepo. Mulibe prefix, mulibe chidule, mzere uliwonse ndi triple imodzi, URI iliyonse yolembedwa yonse. Lembani fayilo yanu mu Turtle (kalembedwe ka RDF kokhala ndi ma prefix), muisandutse N-Triples, muchitenso chimodzimodzi ndi ya mnzanu, kenako muyerekeze mizere ndi maso. Pomwe pakanika kulumikizana muona nokha. Ena akuti n'kutaya nthawi mafayilo akakula. Akule kaye.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anayambira pa RDF/XML, kalembedwe ka RDF kogwiritsa ntchito ma tag. Maphunziro angapo anathera pa xmlns, rdf:about ndi rdf:resource, ife tikulimbana ndi kutseka ma tag, funso la dzina lenileni la chinthu osalikhudza n'komwe. Turtle inavomerezedwa ndi W3C, bungwe loika malamulo a Web, mu 2014, si yadzulo ayi, koma tinaionera kumapeto, mayeso ali pakhomo, bando ya intaneti nayo ikutha usanamalize kuyesa.

Pamene ndidakali njakata ndi pa owl:sameAs, mawu onena kuti ma URI awiri akuimira chinthu chimodzi. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi URI ya fayilo yake, ina ya ORCID (nambala yozindikirira ochita kafukufuku), inanso ya Wikidata. Ndikalemba sameAs, ndiye kuti chilichonse chonenedwa za imodzi chikhala choona pa inzake, ndi zolakwika zomwe. Wina akalemba tsiku lobadwa lolakwika kwinako, lalowa kwanga. rdfs:seeAlso ndi yofatsa, imangoti kaoneninso uko, koma siinena kuti ndi munthu yemweyo. Pa asayimenti ndalemba sameAs poti ndiyo ikuoneka kuti ikufunika, koma fayilo ikanakhala yanga yeniyeni, mwina bwenzi nditazengereza.