Mtundu wa dothi uja ndaupeza, unabisala kuseri kwa tebulo

Abale inu, lero ndiye ndagona tulo. Chithunzi cha amayi ogulitsa tomato chomwe ndikujambula ndi penti chandidyera masiku asanu chifukwa cha kanthu kamodzi basi, dothi la pansi pa malichero. Ndimafuna katondo weniweni, uja amakhala ngati wapsa dzuwa likapendeka. Burnt sienna ndi yellow ochre, mitundu ya penti yofanana ndi dothi, zimangotuluka ngati chigumu, ndikathira kofiira pang'ono basi njerwa yootcha, ndiye mukudziwa khalidwe la penti wa acrylic, ali pa bulashi akuoneka bwinobwino koma akauma wada, ine kumangopaka, kudikira, kudandaula, kupakanso.

Zonsezi zinayamba Loweruka pomwe mchemwali wanga anabwera n'kundikonzera chipinda ine kulibe. Mtima wabwino ndithu. Anasesa, machubu a penti onse pamzere, mabulashi m'kapu imodzi, makatoni anga osakanizirapo penti kudzala. Nditalowa ndinangoti kakasi ngati ndili kwa eni, mutu gwa.

Dzulo ndikusakasaka tepi kuseri kwa tebulo ndangoona kakatoni kamodzi komwe tsache linakaphonya, kaja ndinkapukutirapo mabulashi chaka chatha pojambula mabwato a ku Senga Bay. Pakona pake buluu wa ultramarine wa madzi a nyanja anadonthera pa sienna mwangozi, n'kuuma momwemo. Ndendende katondo wanga! Buluu wake wochepetsetsa, ngati kanjere ka mpiru. Ine pandekha zothira buluu m'dothi sindikanaziganiza olo pang'ono.

Ndamuuza mchemwali za Francis Bacon, katswiri wojambula zithunzi ndi penti, kuti situdiyo yake ya ku 7 Reece Mews ku London inali bwinja lenileni, penti ankayesera pakhoma ndi pachitseko, koma atamwalira mu 1992 anthu anadzanyamula chipinda chonsecho mu 1998 kupita nacho ku Hugh Lane Gallery ku Dublin, zinthu zoposa 7,000, ndi fumbi lomwe. Iye wangoseka, ati achimwene dikirani a ku Dublin adzatenge mphemvu zanuzo.

Kanivasi yojambulapo ndikugwiritsabe nsalu za pabedi za pakaunjika ku Limbe, zakotoni zokhuthala zija, ndimapaka PVA wosakaniza ndi guluu wa matabwa kawiri, zimagwira bwino bola uzikoke zolimba pafelemu.

Kwatsala manja a amayiwo ndi mthunzi wa ambulera. Ndikamaliza ndikufuna msika wonse pa nsalu ya mamita awiri, minibasi, akabaza, onse, kaya ndidzaimika pati. Loko wa chitseko ndagula kale.