Lachiwiri la pizza pa Avondale

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anatsika pa Roadport, depoti ya mabasi ku Harare, Lolemba usiku ndi basi yochokera ku Lilongwe, yodzera ku Tete ndi pa Nyamapanda, ali ndi ana awo awiri. Kunyumba ku Mufakose tinawalandira ndi nsima, koma kamtsikana kawo sikanachedwe kundikumbutsa: "Amalume, paja munati pizza." Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mwayi wanga unali woti kutacha kunali Lachiwiri.

Kwa amene simukudziwa, Lachiwiri ku Pizza Inn ndi tsiku limene amalitcha Terrific Tuesday: ukagula pizza imodzi amakuninkha ina yaulere. Vuto lake n'lakuti Harare yense amadziwa zimenezi. Ndiye ndinauza alamu kuti pofika 2 koloko masana tikhale titanyamuka, chifukwa ikangokwana 5 koloko anthu a m'maofesi ndi ana asukulu amakhamukira komweko ngati ngumbi mvula itagwa.

Tisanatuluke ndinati tiyambe taona za m'thumba. Apa mpamene mlendo amagwira njakata. Alamu anali ndi makwacha, komanso ndalama mu Airtel Money, zomwe kuno sizigula ngakhale switi. M'Harare timagula ndi madola a ku America kapena ZiG, ndalama imene inayamba mu April 2024, ndipo ambiri timalipira pafoni ndi EcoCash. Madola awo ochepa amene anasinthitsa ku Lilongwe ndinawayala pathebulo n'kuwasanthula limodzilimodzi. Dola yong'ambika kapena yothothoka kwambiri anthu ambiri amaikana, ngakhale wogulitsa tomato. Ndinapatulanso timapepala ta $1 ndi $2 ta kombi (maminibasi a kuno), popeza chenji cha madola ndi nkhani yovuta: makobili ake saoneka. N'chifukwa chake ine ndili ndi InnBucks pafoni, ya kampani yomweyo ya Simbisa imene ili ndi Pizza Inn ndi Chicken Inn. Masenti otsala amangowaponya mmenemo m'malo mokukakamiza kutenga chakumwa chimene sunachifune.

Titafika m'tauni, alamu anafuna tidyere pomwepo chifukwa malo a pizza anawaona ndi maso, Pizza Slice uku, Pizza Inn uko. Ndikakhala ndekha ndimaterodi, kugula n'kumapita. Koma kuyenda ndi ana awiri achilendo cha ku First Street kapena Julius Nyerere Way, pakati pa ogulitsa malonda, osintha ndalama ndi timagalimoto ta mushikashika tongoima paliponse, kenako n'kumakasaka mipando inayi yoyandikana? Ndinakana. Tinakwera kombi ya ku Avondale, ulendo waufupi, n'kutsikira pa mashopu a mu King George Road.

Avondale nakonso n'kopiringidzana, musaganize kuti ndi kumanda. Pali masitolo akuluakulu, malo odyera ondandana, ndi msika wa zovala ndi zosema kuseri kwake. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana ukhoza kumusiya dzanja osagunda mtima.

Pakauntala ndili ndi mafunso anga atatu amene ndimafunsa ndisanatchule n'komwe chimene ndikufuna. Kodi ndi saizi iti imene ikulowa m'zaulerezo lero? Ngati ndilipira ZiG, mukuwerengera bwanji pa dola? Nanga zitenga mphindi zingati? Lachitatulo ndi limene anthu amaiwala, kenako n'kumaima pakauntala nkhope zili gwa ngati awalanda munda. Pizza si tchipisi choti amangotapa. Amaiphika ukaitanitsa, ndipo Lachiwiri patsogolo pako pamakhala anthu ambirimbiri, kuphatikizapo anyamata a njinga zamoto okapereka m'makomo.

Posankha panabuka mlandu. Mnyamata ankafuna ya chinanazi, atate ake akuti chipatso ndi nyama sizikhalira mbale imodzi. Ine ndili mbali ya alamu pa nkhani imeneyi, koma tsikulo linali la ana. Tinagula ziwiri zikuluzikulu kuti zikhale zinayi: ya chinanaziyo, ya nkhuku ya tsabola, ya nyama yang'ombe, ndi ina ya bowa yoti tinyamulire amayi kunyumba. Ndinapinda risiti n'kuika m'thumba la malaya, poti nambala yake ndi imene amaitanira, ndipo ikasowa uyamba kulumbira kuti unalipira.

Nthawi yodikirayo sitinaiwononge. Alamu anakhala pathebulo kugwira malo, ine n'kupita ndi ana kumsika kuja kukaona ziboliboli za miyala. Mayi wina wogulitsa atamva ana akulankhula anatembenuka n'kuti, "Mwaswera bwanji, a kumudzi?" Makolo ake anachokera ku Dedza, iye anabadwira ku Mbare, ndipo Chichewa chake chinali chothira mchere wa Chishona ngati changa. Tinacheza mpaka ndinatsala pang'ono kuiwala nambala ija.

Pobwerera tinapeza mzere wafika pakhomo, ife makatoni athu atatuluka kale. Tinadya ndi manja, zili zotentha, tchizi chikutamuka. Alamu, omwe aja otsutsa, anadya magawo awiri a ya chinanazi ali chete, maso kumbali.

Ndinalakwitsa chimodzi: sindinawauze kanyamulidwe ka katoni. Tikuthamangira kombi m'tauni dzuwa litapendeka, iwo anaipana m'khwapa choimika ngati envulopu ya makalata. Titafika ku Mufakose amayi anatsegula n'kupeza bowa ndi tchizi zonse zaunjikana kungodya imodzi, kwina kuli buledi yekhayekha. Anatiyang'ana tonse, anatenga supuni, n'kuyamba kubwezera ndiwozo pamalo pake.

"Alamu," ndinatero, "Lachiwiri likubwerali katoni ndinyamula ndine."