Ulendo wokaonera zisudzo ku Makhanda: pamene ndafika ndi matikiti

Pulogalamu ya chikondwerero cha National Arts Festival yatuluka, ndipo ulendo wanga wokaonera zisudzo ku South Africa wachoka pa kungoulakalaka, tsopano wafika pogula matikiti. Kwa amene sanawerenge zimene ndinalemba m'mbuyomu, chikondwererochi chinayamba mu 1974, ndipo chimachitika kumapeto kwa Juni mpaka kumayambiriro kwa Julayi m'tauni ya Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape. Kwa masiku 11 maholo a sukulu, a matchalitchi ndi a yunivesite amasanduka mabwalo a zisudzo, magule, nyimbo ndi nthabwala. Tauniyi inkatchedwa Grahamstown mpaka mu 2018, pamene inapatsidwa dzina la Makhanda, mtsogoleri wa Axhosa amene anaithira nkhondo mu 1819, ndipo wofufuza basi kapena malo ogona azilemba mayina onse awiri, chifukwa ena akugwiritsabe ntchito dzina lakale.

Nyengo yake inandikomera. Pa esiteti ya tiyi pamene ndimagwira ntchito ya mu ofesi kuno ku Thyolo, munthu sayerekeza kupempha tchuthi pakati pa Disembala ndi Epulo, pamene masamba ali ambiri ndipo fakitale ikulira usana ndi usiku. Koma mu Juni ndi Julayi tiyi amakhala atachepa, anthu ali pa ntchito yodulira, kotero kalata yanga ya tchuthi inasainidwa popanda mafunso ambiri.

Chimene chandidyera nthawi kwambiri ndi kachitidwe kogula malo pasadakhale, chifukwa sitinakule nako. Ife amene tinakonda zisudzo poonera Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata, kapena a Kwathu Drama Group pa French Cultural Centre ku Blantyre, tinazolowera kuona chikalata chomatidwa pamtengo kapena kumva chilengezo pa wailesi, kenaka n'kunyamuka tsiku lomwelo, kulipira pakhomo ndi kukhala paliponse pamene pali malo. Ngakhale lero, gulu likabwera paboma kapena ku Luchenza, palibe amene amaganiza zogula tikiti mwezi wathunthu sewero lisanachitike. Ku Makhanda zimenezi sizingatheke pa masewero otchuka. Tikiti imagulidwa pa intaneti masabata angapo chikondwerero chisanayambe, imalembedwa tsiku, ola ndi holo, ndipo m'masewero ambiri chitseko chikatsekedwa wochedwa salowanso, ngakhale atanyamula tikiti m'manja ndipo wachokera kutali chotani. Chotero tikiti ya sewero ndi imene ikulamulira ulendo wonse, ndipo basi, pogona ndi chakudya zikungotsatira pambuyo pake.

Pulogalamuyo ili ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Mbali yoyamba ndi ya masewero amene akuluakulu a chikondwererochi amasankha okha ndi kuwaitana, kuphatikizapo ntchito zatsopano za achinyamata amene apatsidwa mphoto ya Standard Bank Young Artist. Amenewa amaseweredwa maulendo ochepa chabe, ena m'holo yaikulu ya Guy Butler Theatre, ndipo matikiti ake satenga nthawi kutha. Mbali yachiwiri ndi Fringe, kumene gulu lililonse lodzidalira limalembetsa lokha, kubweretsa sewero lake ndi kudalira ndalama za pakhomo. Matikiti a Fringe ndi otsikirapo mtengo, masewero ake ambiri amatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo m'maholo ang'onoang'ono ambiri mipando ilibe manambala, kotero wofika msanga ndi amene amakhala kutsogolo.

Ndagula kale matikiti a masewero a mbali yoyamba amene sindikufuna kuwaphonya. Pa Fringe ndagula ochepa dala, ndipo theka la nthawi yanga ndalisiya lopanda kanthu. Mnzanga wina amene timayendetsa naye kagulu ka zisudzo ka pa esiteti anadabwa nazo, nandifunsa kuti, "Achimwene, mukawononge ndalama zonsezo kukafika kumeneko, kenaka muzikangoyendayenda mumsewu opanda tikiti?" Ndinamuyankha kuti ziganizo ziwiri kapena zitatu zofotokoza sewero m'pulogalamu zimalembedwa ndi eni sewerolo, ndipo palibe amene amanyoza malonda ake. Sewero labwino la Fringe limadziwika chikondwerero chitayamba, anthu akamauzana pamzere wolowera kapena pamalo omwera khofi, komanso pamene oweruza ayamba kupereka mphoto za Ovation kwa magulu amene achita bwino masiku a chikondwerero omwewo. Munthu amene wadzaza maola ake onse ali ku Malawi amangomva za masewero amenewo, osapeza mpata wowaonera.

Kusankha mpando m'holo yaikulu n'kosavuta. Pa foni pamabwera chithunzi cha holoyo, siteji ili kumtunda, mipando ili m'mizere ya timadontho, ndipo timadontho tothimbirira ndi mipando imene ena atenga kale. Munthu akagunda kadontho kamene wakonda, mpandowo umasungidwa kwa mphindi zochepa kuti alipire, ndipo akachedwa umabwerera pamsika. Ine ndimasankha mizere ya pakati, chakumbali pang'ono, chifukwa ndimafuna kuona nkhope za ochita sewero komanso m'mene akulowera ndi kutuluka, zimene wokhala kutsogolo kwenikweni saziona bwino. Vuto limayamba pa kulipira. Khadi la banki la kuno limafuna kuti banki ikhale ndi ndalama zakunja ndiponso kuti ilole kuti zituluke, ndipo aliyense akudziwa m'mene ndalama zakunja zavutira zaka zino. Pamwamba pa zimenezo, nambala yachinsinsi imene banki imatumiza pa foni iyenera kufika mphindi zija zisanathe, pamene netiweki ya m'makwalala a tiyi imabwera ndi kupita m'mene yafunira. Ndinapeza kuti pamalo pamene imagwira bwino ndi pakhonde la kuseri kwa ofesi, cha m'mamawa anthu asanayambe kuimba mafoni.

Amene anandipeputsira katundu ndi mwana wa mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Anandilembera pa WhatsApp kuti, "Amalume, musavutike ndi khadi lanulo. Nditumizireni mayina a masewero, masiku ndi maola, ine ndilipira kuno ndi marandi, ndipo inu mukapereke makwacha ake kwa amayi ku Luchenza." Tinagwirizana kuwerengera pa mtengo umene iye amapeza akamatumiza ndalama kumudzi, kuti pasakhale wodandaula. Matikiti amafika pa imelo, ndipo ngakhale akuti kuonetsa pa foni n'kokwanira, ndawasindikiza onse pa shopu ina paboma ndi kuwaika m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi pasipoti, chifukwa batire ya foni siidalirika munthu akayenda tsiku lonse. Kulipiriratu kuli ndi ubwino wina umene sindinauganizire poyamba: chimene chalipidwa mu marandi chatha, sichikweranso. Amene anali ndi ndalama zosungira ulendo mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa chifukwa chake sindikufuna kusunga makwacha mpaka Juni.

Ntchito imene ndakhalira nayo usiku wambiri ndi yolumikiza maola. Ndatenga kope la masamu, tsamba lililonse ndi tsiku limodzi, ndipo ndajambula mizere ya maola kuyambira m'mawa mpaka usiku. Zimene ndalipira kale ndazilemba ndi bolopeni, zimene ndikungoziganizira ndi pensulo, ndipo pambali pa sewero lililonse ndalemba dzina la holo ndi utali wa sewerolo. Papepala masewero awiri angaoneke ngati akutsatana bwino, lina kutha 3 koloko ndi lina kuyamba 3:30, koma mapu amanena zina. Nyumba ya 1820 Settlers Monument, m'mene muli Guy Butler Theatre, ili pamwamba pa phiri loyang'ana tauni, pamene maholo ambiri a Fringe ali kumunsi, pa Rhodes University ndi m'sukulu zosiyanasiyana. Kwa munthu wa ku Thyolo chitunda si nkhani, koma kuchikwera mothamanga ndi mantha oti chitseko chitsekedwa si chimene ndikulipirira ulendowu. Lamulo limene ndadziikira ndi lakuti pakati pa masewero a m'maholo osiyana pakhale ola lathunthu, ndipo masewero olemera asapose atatu patsiku, popeza mutu nawo umatopa ndipo sewero lachinayi limangodutsa m'maso.

Chinenero ndi chinthu china choyenera kuyang'ana musanalipire. Pulogalamu imatchula ngati sewero lili m'Chingerezi, m'Chixhosa, m'Chizulu, mu Afrikaans kapena m'zinenero zosakaniza, komanso msinkhu wa anthu oyenera kuonera. Sindikuthawa masewero a m'Chixhosa onse, chifukwa sewero lodalira thupi, nyimbo ndi magule limamveka ngakhale mawu ena akudutse. Koma nthabwala za munthu mmodzi woima pa siteji ndazisiya, popeza zimadalira ndale ndi mayina a kumeneko, ndipo sindikufuna kulipira kuti ndizikaseka chifukwa choti ena aseka.

Pa masewero a Fringe amene ndalemba ndi pensulo, ambiri ndi a anthu awiri kapena atatu, opanda katundu wambiri pa siteji. Kusankha kumeneku n'kwadala. Kagulu kathu kalibe magetsi a mitundumitundu kapena makatani otseguka okha, ndipo timasewera m'holo ya tchalitchi kapena panja pa bwalo la mpira. Sewero lalikulu la anthu makumi atatu lingandisangalatse, koma sindingabwere nacho chilichonse choti tigwiritse ntchito. Chimene ndikufuna kukaonetsetsa ndi m'mene munthu mmodzi amasinthira kukhala anthu asanu pongosintha mayendedwe ndi mawu, ndiponso m'mene bokosi limodzi limakhalira basi, guwa ndi ndende m'sewero lomwelo.

N'chifukwa chake sindingadutse ku Johannesburg osaima pa Market Theatre ku Newtown. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1976 ndi Barney Simon ndi Mannie Manim m'chinyumba chimene kale chinali msika wa zipatso, ndipo m'nthawi ya tsankho inatchuka polola akuda ndi azungu kusewera ndi kuonera pamodzi. Sewero la Woza Albert!, limene Percy Mtwa ndi Mbongeni Ngema ankasewera awiriwiri ndi katundu wochepa kwambiri, linaonetsedwa kumeneko mu 1981, ndipo kachitidwe kameneko ndi kamene ndikukasaka ku Makhanda. Holo yaikulu ya nyumbayi tsopano imatchedwa John Kani Theatre. Nyumba zambiri za zisudzo sizitsegula Lolemba, kotero ndakonza kuti pobwerera ndidzakhale mu mzindawo Loweruka ndi Lamulungu, ndipo ndikufuna sewero la masana, kuti ine ndi mwana wa mlongo wanga uja tidzabwerere kumene amakhala kunja kukuwala. Tikiti imeneyi sindinagule, chifukwa ndikudikira kuti alengeze zimene zidzaseweredwe masiku amenewo.

Za mayendedwe sindichulutsa. Ndege yochokera ku Chileka ikanandifupikitsira ulendo, koma mtengo wake ukanadya matikiti onse, kotero ndikwera basi ku Blantyre, kudzera pa chipata cha Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge mpaka pa siteshoni ya Park Station ku Johannesburg. Kuchoka pamenepo pali basi ina ya makilomita pafupifupi 1,000 kukafika ku Makhanda. Amene ali ndi ndalama amakwera ndege mpaka ku Gqeberha, mzinda umene kale unali Port Elizabeth, n'kuyenda makilomita pafupifupi 130 pa galimoto. Mmalawi amaloledwa kukhala ku South Africa masiku 30 popanda visa, ndipo ulendo wanga suyandikira n'komwe malire amenewo. Popeza palibe amene angalonjeze maola amene basi idzaime pa Beitbridge, tikiti yanga yoyamba ya sewero ndaiika patadutsa tsiku lathunthu kuchokera pamene ndikuyembekezera kufika.

Pogona ndapeza chipinda m'nyumba ya banja lina pafupi ndi yunivesite, ndipo theka la lendi lalipidwa. Makhanda ndi tauni yaing'ono, kotero pa nthawi ya chikondwerero eni nyumba amachititsa lendi zipinda zawo, ndipo zogona za ophunzira, amene amakhala ali pa tchuthi, zimalandiranso alendo. Mayi wa nyumbayo anandichenjeza kawiri za kuzizira, ndipo nditamuuza kuti kuno tili ndi chiperoni, anayankha kuti kumeneko udzu umayera ndi chisanu m'mawa ndipo maholo ena a sukulu amazizira kwambiri usiku. Loweruka lapitali ndinapita pa kaunjika ku Bvumbwe, ndipo ndinapeza chijasi chachitali, chipewa cha ubweya ndi magolovesi.

Zatsala ziwiri. Tikiti ya basi yopita ku Johannesburg ndikagula ku Blantyre malipiro a mwezi uno akalowa, ndipo ndikangoitenga ndidzapita nayo ku banki ku Limbe pamodzi ndi pasipoti kukapempha marandi a m'thumba, chifukwa popanda umboni wa ulendo sagulitsa ndalama zakunja. Akandipatsa ochepa, masewero ena a pensulo adzafufutidwa, kuyambira ndi a usiku kwambiri, amene amafuna takisi pobwerera.