Masiku awiri ku Lusaka kuchokera pa Mchinji

Ambiri a ife a ku Mchinji Zambia wathu amathera pa Chipata: kukagula katundu m'mawa, madzulo tabwerako. Koma Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 570 kuchokera pa Chipata, ndipo masiku awiri amakwanira kuuona mzindawu, bola musawathere m'mashopu. Ife tinapita m'nyengo yozizira, ndipo mayendedwe ake ndi awa.

Tengani pasipoti. Chiphaso cha pamalire chija timapitira pa Chipata sichikufikitsani ku Lusaka, ndipo panjira apolisi amaimitsa basi nkufunsa zikalata. Mmalawi safunika viza, koma akakudindirani pa malire a Mwami werengani masiku amene akupatsani musanachoke pa windo. Chitsegulireni nyumba yatsopano ya malire mu Disembala 2022, mbali zonse ziwiri zimadindira pamalo amodzi, choncho sipachedwa ngati kale.

Pa ndalama m'pamene ambiri amapsa. Dzina ndi limodzi, kwacha, koma yawo ndi yolemera kutalitali. Munthu akamva "K50" amangotulutsa osaganiza, pomwe kwathu kuno ndi masauzande angapo. Funsani mtengo wosinthira wa tsikulo musanafike pamalire, ndipo muwerenge nokha ndalama zonse musanapereke zanu. Pa Chipata gulaninso simukhadi ya Airtel kapena MTN. Amalembetsa ndi pasipoti, ndipo popanda simukhadiyo simungaitane takisi ya Yango, yoitanira pa foni, mukafika.

Mabasi a ku Lusaka amanyamuka mbandakucha, ndiye gulani tikiti madzulo, mugone pa Chipata pomwepo. Juzi isakhale m'chikwama chopita pansi pa basi, chifukwa mu Juni ndi Julaye kumazizira mpaka dzuwa litakwera. Ulendo umadya maola 8 kapena 9. Mudutsa pa Katete, kwa Kalonga Gawa Undi komwe anthu athu amapita ku Kulamba mu Ogasiti, kenako Sinda, Petauke ndi Nyimba wa nthochi. Kupitirira Nyimba msewu umalowa m'mapiri, wokhotakhota, ndipo amene mumachita nseru m'galimoto musakhute musanadutse pamenepo. Pa mlatho wa Luangwa pali msika wa nsomba zouma, madengu ndi mphasa. Ingoonani mitengo, mudzagula pobwerera. Nsomba youma kuigoneka masiku awiri m'chipinda cha alendo, zovala zonse zimatenga fungo.

Basi imakatsitsa pa depoti ya Intercity, pa msewu wa Dedan Kimathi. Anyamata oitanira amathamangira chikwama musanatsike n'komwe. Chigwireni nokha, mutuluke panja pa geti, mukaitanire galimoto kumeneko.

Tsiku loyamba lipatseni msewu wa Independence Avenue. Yambani m'mawa pa Freedom Statue, chipilala cha munthu wakweza manja atadula maunyolo, chomwe anachiimika mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum. Mlendo amalipira mtengo wosiyana ndi mzika. Pansi pali zojambula ndi zosema za amisiri a masiku ano, pamwamba m'pamene pali mbiri ya dzikolo, ndipo pamenepo pamafunika maola awiri. Mukapitirira ndi msewu womwewo mufika ku Embassy Park, komwe anaika atsogoleri awo: Mwanawasa mu 2008, Chiluba mu 2011, Sata mu 2014, Kaunda mu 2021 ndi Rupiah Banda mu 2022. Dera limeneli ladzaza maofesi a boma, ndiye musajambule chithunzi musanafunse mlonda.

Masana pitani ku Chilenje, nyumba nambala 394. Kwa ine awa ndiwo malo osayenera kuwadumpha. Ndi kanyumba kakang'ono ka m'lokesheni, kofanana ndi nyumba zakale za boma zomwe timazidziwa kuno, ndipo Kenneth Kaunda anakhalamo ndi banja lake kuyambira 1960 mpaka 1962 akumenyera ufulu. Mipando, bedi ndi ziwiya za kukhitchini azisunga m'katimo. Ukaima pa balaza n'kuona kuchepa kwake, umadabwa kuti anthu ankakwanamo bwanji pokambirana za dziko lonse. Panja pali Land Rover yomwe ankayendera. Mmalawi ali ndi gawo pa nyumbayi, poti bambo ake, David Kaunda, anachokera kuno ku Nyasaland, wotumidwa ndi mishoni ya Livingstonia. Pobwerera imani pa Kabwata Cultural Village, pa Burma Road, pomwe osemasema amagulitsira m'nyumba zozungulira zaudzu zomwe atsamunda anamangira antchito achikuda. Mtengo woyamba sugulidwa, nenererani.

Tsiku lachiwiri ndi la m'tauni. Cairo Road muiyende wapansi, chifukwa m'mawa ndi madzulo magalimoto amathinana moti woyenda pansi amasiya minibasi m'mbuyo. Kumapeto kwake kuli nyumba yaitali yotchedwa Findeco House, ndipo kuchokera pamenepo City Market ndi Soweto sipatali. Ku Soweto foni ikhale m'thumba lakutsogolo, pasipoti ili m'kati mwa malaya. Nkhomaliro idyereni ku msika: nsima ndi ndiwo zotendera zomwe iwo amati ifisashi, ndiponso chikanda chodulidwa m'magawomagawo chothira tsabola. Za kugula ku Kamwala zisiyeni madzulo a tsikuli, apo ayi mudzayenda ndi mtolo mzinda wonse.

Chinenero sichivuta. Chinyanja cha ku Lusaka n'chosakanikirana ndi Chibemba ndi Chingerezi, koma mumvana. Pofunsa mtengo amati "ni zingati?", ndipo "manje" ndiye tsopano. Liwu lofunika kusamala nalo ndi "mailo", chifukwa limaimira dzulo komanso mawa. Mukamagula tikiti yobwerera pa Intercity, zomwe muyenera kuchita tsiku lachiwirili dzuwa lisanalowe, musakhutire ndi "mailo kuseni" wa pakamwa. Onani kuti pa tikitipo alemba deti, ola ndi nambala ya mpando, ndipo sankhani basi yoyamba kuti mukafike pa Mwami kukadali kowala, matakisi a ku boma asanathe.